Bafa la Agogo Ako

Zione mwana wanga,

Ndikulemba masana ano nditakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba, azakhali ako akukumangira katundu m'makatoni. Mawa m'mawa ukwera minibasi ya ku Blantyre ndi mwamuna wako, kenako basi ya ku Mzuzu, ndipo sindikudziwa kuti tidzakhalanso liti awiriwiri popanda wina wotidula pakamwa. Pa chilangizo chako amayi a kumpingo analankhula zambiri, zina zothandiza, zina zongoseketsa anthu. Ine ndinakhala chete, ndipo ndinakuona ukundiyang'ana kangapo. Sikuti ndinalibe mawu ayi. Anga sanali oyenera pagulu, chifukwa ndi a zolakwa zanga.

Ndi nkhani ya bafa la m'nyumba muno. Nthawi imeneyo unali Fomu 3 ku sukulu yogonera komweko, ndiye unkangoona zidutswa. Holide ina unapeza bafa latsopano. Holide ina unapeza agogo ako akuyendera ndodo, amalume ako a Alufandika atasiya kuponda pakhomo pano. Unandifunsa, ine n'kukuyankha kuti ndi za akuluakulu. Lero nawenso ndiwe wamkulu, choncho werenga mpaka kumapeto.

Chaka chimenecho mvula inagwetsa chimbudzi chathu chokumba. Ukulidziwa dothi la kuno kwa Maseya, likakhuta madzi siligwira kanthu. Agogo ako, mayi a bambo ako, anali atayamba kale kuvutika ndi mawondo, ndipo madzi a m'mipopi anali atangofika kumene mumsewu wathu. Tinagwirizana kuti kachipinda kamene tinkasungiramo mapira tikasandutse bafa ndi chimbudzi chogejemula, kuti agogo asamatulukenso panja. Bambo ako ankayendetsa thalakitala ku minda ya nzimbe, kunyumba ankabwera Loweruka lokha. Anandiuza kuti, "Amake Zione, inu ndi amene mumakhala pano. Pezani pulambala wodziwa ntchito."

Cholakwa changa choyamba n'chakuti sindinafunefune pulambala. Ndinangoitana mlongo wanga. Achimwene a Alufandika ndi amene anandilera bambo athu atamwalira. Ankakhala kudambo masabata athunthu akuwedza milamba kuti ine ndisasiye sukulu, moti uphunzitsi umene wakulera iwe unachokera m'bwato lawo. Pambuyo pake anagwirako ganyu kwa amisiri a mapaipi ku kampani ya nzimbe, kukumba ngalande ndi kunyamula zitsulo. Atachoka kumeneko anagula sipanala yaikulu, anthu n'kuyamba kuwatchula kuti pulambala. Nditawauza bambo ako za munthu amene ndasankha, anafunsa modekha: "Alamuwo ntchito yawo munaionapo? Ndi nyumba ya yani imene anaikamo chimbudzi chotere?" Ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Akanakhala m'bale wanu mukanafunsa zimenezo?" Koma kunena zoona, sindinkadziwa nyumba ngakhale imodzi.

Zione, usanam'patse munthu ntchito, pita ukaone imene anagwira kale, ndipo ukalankhule ndi mwini nyumbayo mmisiriyo palibe. Kum'konda munthu ndi nkhani ina, kudziwa kwake ntchito ndi nkhani inanso. Ndipo mwamuna wako akadzafunsa za abale ako, uyambe walimva funsolo usanaganize kuti ndi chipongwe. Funso la bambo ako linali labwino. Ine ndi amene ndinalitsekera khomo.

Cholakwa chachiwiri ndinachichita maso ali pompo. Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinawapeza achimwene atasonkha moto wa zitsononkho. Ankawotcha nsonga ya paipi ya pulasitiki kuti ifewe, n'kuipinda pabondo, n'kuilowetsa m'inzake, kenako n'kukulungapo mphira wa chubu cha njinga. Ndinafunsa kuti, "Achimwene, kodi si paja pamakhala zolumikizira zake zogula, ndi guluu wake?" Iwo anati, "Zimenezo n'za m'tauni. Iwe kaphunzitse ana a, e, i, o, u. Za mapaipi utisiyire eni ake." Ndinaseka, n'kupita kukaphika.

Panali munthu wina pa ntchitoyo, a Thomu, amene ankamanga khoma ndi kuika matailosi. Anadikira kuti achimwene achokepo, n'kunditengera pambali. "Aphunzitsi, ine ndine womanga chabe, za madzi si zanga. Koma ndisanathire simenti, mutsegule madzi tsiku lathunthu tione ngati pansipa pakhale pouma. Komanso paipi iyi yopita kudzenje la zoipa sindikuiona ikutsetsereka. Yangogona." Ndinamva bwinobwino. Koma ndinaganiza kuti ndikati tiyese, achimwene aona ngati ndikuwakayikira. Chinanso, Khirisimasi inali itatsala milungu iwiri, abale a bambo ako a ku Nsanje ndi a kutsidya kwa malire anali akubwera, ndipo ndinkafuna adzapeze matailosi akuwala. Ndinati, "Thirani simenti." A Thomu anafunsanso kachiwiri. Ndinati, "Thirani, a Thomu, ndanena ine."

Mwana wanga, ntchito iliyonse imene ikakwiriridwa sudzaionanso, uione isanakwiriridwe. Mapaipi, mawaya a magetsi, maziko a nyumba, zonsezo. Mmisiri wabwino sakwiya ukati tiyese, amayamba ndi iye kukuitana kuti udzaone. Amene akukuyankha kuti iwe sudziwa kanthu, uzimuyang'anitsitsa. Ndipo usadzathamangitse ntchito chifukwa cha alendo. Alendo aja anakhala masiku anayi n'kumapita. Ife tinatsala ndi bafalo.

Pa Khirisimasi aliyense anayamikira. Ana a kutsidya ankachita kupanga mzere kuti akagejemule. Agogo ako anasamba atakhala pampando, madzi akuchokera pamwamba, ndipo potuluka anandigwira dzanja n'kundithokoza m'Chisena chawo kuti, "Takhuta, mwananga." Ndinamva kukoma kwambiri tsiku limenelo. N'kutheka kuti kukoma kumeneko n'kumene kunandivuta kutaya pambuyo pake.

Cholakwa chachitatu ndiye chachikulu, ndipo ndi chimene ndakulembera kalatayi. Mu Januwale khoma la pakati pa bafa ndi pabalaza linayamba kunyowa m'munsi. Ndinati ndi mvula. Chimbudzi chinkachedwa kumeza, ndinati n'chatsopano, chizolowera. Mu Meyi mvula inatha, khoma silinaume. Laimu anayamba kusupuka, ndipo m'mawa munkamveka kafungo. Pamenepo ndinadziwa. Ndinapita kwa achimwene kamodzi kokha, n'kulankhula ngati ndikupempha mchere: "Chimbudzi chija chikumachedwerako pang'ono." Anabwera, anatokosamo ndi waya, anati chikhala bwino. Za khoma sindinatchule. Iwo atachoka ndinakankhira kabati ya mbale pamalo ponyowapo. Loweruka lililonse bambo ako asanafike ndinkakolopa ndi sopo wonunkhira, n'kutsegula mawindo onse.

Ukuudziwa Okutobala wa kuno ku Chikwawa, pamene dothi limaotcha mapazi ndipo mbuzi zimadya makatoni pamsika. Chaka chimenecho mudzi wonse unali gwa, koma kuseri kwa bafa lathu kunamera udzu wobiriwira ndi mtengo wa tomato umene palibe anaubzala. Mbuzi za aneba zinkabwera kudzagona pomwepo. Agogo ako anandiuza kuti, "Nkhabe, mwananga, pansi apa si pabwino. Ndikaponda pakulira ngati ng'oma." Ndinawayankha kuti, "Matailosi amatero, amayi." Ndinawanamiza munthu wamkulu, ndikudziwa kuti ndikunama.

Lachiwiri lina m'mawa, ndikusita diresi yopitira kusukulu, ndinamva phokoso m'bafa. Nditathamangira ndinawapeza agogo ali pansi. Madzi anali atakokolola dothi pansi pa simenti, ndiye tailosi inabooka iwo ataponda, n'kugwa chammbali, chiuno n'kumenya pa chimbudzi. Sanalire. Mawu awo oyamba anali akuti ndiwapatse chitenje anthu asanalowe. Aneba anatinyamula pa galimoto yawo mpaka kuchipatala cha paboma, komwe anatiuza kuti fupa la m'chiuno lathyoka. Agogo anagona miyezi iwiri, ndipo kuchokera pamenepo sanayendeponso opanda ndodo.

Bambo ako anafika masana omwewo. Titachoka kuchipatala analowa m'bafa, anatenga mpini wa khasu n'kuulowetsa pobookapo. Unalowa wonse m'matope. Anatuluka, anaima pabalaza akuyang'ana kabati ija, kenako anaikankha. Khoma linali lakuda mpaka m'mawondo, njerwa zikufumbutuka ukazikhudza.

"Amake Zione, munadziwa liti?"

"Mu Meyi."

"Meyi," anatero. "Miyezi isanu ndikubwera pano, tikudyera limodzi, tikugona chipinda chimodzi."

Bola akanandikalipira. Kwa nthawi yaitali ankandipatsa moni, kudya, kuthokoza, ngati mlendo wogona pa nyumba ya eni. Patapita miyezi ndi pamene anandiuza kuti khoma silinawapweteke mtima, ngakhale kusankha achimwene sikunawapweteke. Chinawapweteka ndi kabati ija, poganiza kuti mkazi wawo anaikankha yekha, yodzaza mbale, n'cholinga choti iwo asaone.

Zione, chinthu chikalakwika m'nyumba mwako, unene msanga. Unene tsiku lomwelo, chikadali chaching'ono. Mu Meyi tikanangophwanya matailosi angapo, bambo ako akanang'ung'udza sabata imodzi, nkhani n'kutha. Manyazi amene ndinkathawa anali aang'ono kuyerekeza ndi amene ndinadzakumana nawo. Mwamuna wako ndi wofatsa ngati bambo ako. Anthu ofatsa amakhululuka kulakwa msanga, koma kubisiridwa amakusunga nthawi yaitali. Unene msanga.

Cholakwa chachinayi chinabwera chifukwa cha zitatu zija. Amene wakhala chete nthawi yaitali, tsiku lolankhula amalankhula moipa. Sabata yomweyo ndinawapeza achimwene pamsika wa Dyeratu, atakhala ndi azibambo anzawo pamalo okonzera njinga. Sindinawapatse moni. Ndinaima pakati pa anthu n'kukuwa kuti, "Pulambala wabodza inu! Mwawathyola apongozi anga! Sipanala yanuyo njonamizira anthu!" Ndinanena zinanso zimene sindingalembe pano. Msika unaima. Achimwene anadzuka, anavula chipewa, n'kufunsa kuti, "Wamaliza, Esitere?" Kenako anatenga njinga yawo n'kumaikankha osakwera, mpaka anakhota.

Zimene ndinanena za ntchito yawo zinali zoona. Koma sindinapite kumeneko kukanena zoona. Ndinapita kukawasenzetsa manyazi anga kuti ine ndipepukidwe, ndipo sindinapepukidwe. Kuyambira tsiku limenelo palibe anawaitananso ngakhale kukakonza mpopi wodontha. Anabwerera kudimba. Tinakhala zaka zitatu osalankhulana, tikumakumana pamaliro n'kumayang'ana kumbali. Ukakhala ndi mlandu ndi munthu, kaya mmisiri kaya m'bale, umuitanire pamalo pamene palakwikapo, umuonetse ndi chala, muli awiri kapena atatu. Unene chimene chalakwika ndi chimene ukufuna chichitike. Pamsika sipakonzedwa paipi.

Bafalo anadzalikonza ndi mayi Jeke, pulambala wamkazi wa paboma amene anaphunzira ntchitoyi kukoleji. Bambo ako ndi amene anawapeza, atayamba akaona nyumba zitatu zimene mayiwo anagwiramo. Anaphwanya pansi ponse. Atafika pa mapaipi anandiitana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, njutani apa muone nokha." Mphira uja unali utawola ngati masamba. Popindidwa ndi moto panali patang'aluka. Paipi yopita kudzenje inali yopendekera kunyumba, moti zoipa zinkabwerera n'kumakhala pansi pathu. Anandiphunzitsa zinthu ziwiri zimene ndikufuna nawenso uzidziwe. Ukatseka mipopi yonse, pita ukayang'ane mita ya madzi: ikamayendabe, ndiye kuti penapake pakudontha. Ndipo bafa likatha, thira ndowa ya madzi pansi uone kumene akulowera. Akaima kapena akalowera kukhomo, mmisiri asachoke. Iwo atalumikiza mapaipi atsopano anasiya ngalande yosakwirira masiku atatu, madzi akuyenda, akumabwera kudzagwira polumikizira paliponse ndi dzanja.

Tsiku lomaliza anandiuza mawu amene sindinawakonde. "Amene anagwira poyambayu si waulesi. Ngalande anakumba yowongoka, dzenje analimanga lolimba, sindinaligwireko n'komwe. Kungoti sanaphunzitsidwe. Nanga amene analola kuti akwirire asanayese ndani?" Ndinati, "Ndine." Kanali koyamba kunena zimenezo pakamwa.

Amene anathetsa udani wa ine ndi achimwene ndi agogo ako, ndipo sanachite ndi ulaliki. Tsiku lina tikudya masamba a mbatata kachitatu sabata imodzi, anakankha mbale n'kunena kuti, "Mlongo wako uja ankandibweretsera mlamba wouma. Mwendo ndataya, ndi nsomba zomwe nditaye?" Bambo ako anandiyang'ana. Loweruka lotsatira ndinakwera kabaza mpaka kumene msewu umathera, n'kuyenda pansi kukafika kudimba kwawo m'mphepete mwa dambo. Ndinawapeza akupalira mbatata. Anandiona patali koma sanasiye khasu.

Ndinagwada pamzere n'kunena kuti, "Achimwene, ndabwera ndi mawu awiri. Ntchito ija inali yoipa, ndipo ndinayenera kukuuzani tsiku limene ndinakupezani mukuwotcha paipi. Achiwiri ndi akuti ndinakuchititsani manyazi pamsika, inu amene munandilera. Ndinalakwa."

Anapalirabe kanthawi, kenako anakhala pansi. "Esitere, chimbudzi chamadzi ndinali ndisanaikepo chibadwire. Ndinkangoonerera ena akuika. Koma unandiitana pamaso pa mlamu wanga, ukunyadira kuti mlongo wako ndi pulambala. Ndikanati sinditha, nkhope yako ukanaiika kuti?"

Waona, mwana wanga? Iwo ankasunga nkhope yanga, ine ndinkasunga yawo, ndipo amene anathyoka ndi mayi wokalamba amene sanali m'nkhaniyo n'komwe. Lamulungu achimwene anabwera ndi milamba itakulungidwa m'nyuzipepala, anakhala pansi pafupi ndi mpando wa agogo, n'kupepesa. Agogo anatsegula nyuzipepala ija, ananunkhiza, n'kunena kuti nsomba za masiku ano n'zazing'ono. Kukhululuka kwawo kunali komweko. Achimwene sanagwirenso ntchito ya mapaipi, mwa kufuna kwawo, ndipo sipanala ija anaipereka kwa wokonza njinga. Si zonse zimene zinabwerera mwakale. Mpaka lero akabwera kuno sakonda kulowa m'nyumba, amakhala pakhonde. Koma unawaona wekha mmene anayendetsera unkhoswe wako, osaphonya kanthu.

Ku Mzuzu mukakhala m'nyumba ya lendi, ndipo tsiku lina mudzamanga yanu. Mudzaitana amisiri ambiri, ena abwino, ena ongodziwa kulankhula. Usadzaope kufunsa chifukwa choti ndiwe mkazi kapena chifukwa choti ntchitoyo suidziwa. Safunsa anadya phula. Chimene mwagwirizana ndi mmisiri chinenedwe momveka pachiyambi, mwamuna wako ali pomwepo. M'bale wako kapena wa mwamuna wako akafuna ntchito, umufunse muli awiri ngati anaigwirapo, ndipo umupatse mpata woti akane popanda kuchita manyazi. Iwenso ukapatsidwa chinthu chimene sungathe, kaya kuntchito kaya kwa apongozi ako, uziti sinditha, ndiphunzitseni. Mawu amenewo sapha munthu.

Chatsala chimodzi. Diresi imene unavala pa madyerero a ukwati wako ndinasoka ndine, ndipo inali yothina m'khwapa. Pokuyesa ndinakufunsa, iwe unati, "Ili bwinobwino, amayi." Ndinakukhulupirira mpaka pamene ndinakuona ukuvina. Anzako onse manja ali m'mwamba, iwe ako ali m'chiuno tsiku lonse, ukumwetulira. Madzulo pokuthandiza kuvula ndinaona mizere yofiira pakhungu lako. Unapirira tsiku lako lalikulu kuti ine ndisakhumudwe. Ndinayamikira chikondi chako, koma ndinachita mantha, chifukwa khalidwe limenelo ndikulidziwa kumene unalitenga.

Ndaiphwasula diresiyo m'mawa uno n'kuikulitsa. Ili pamwamba m'sutikesi yako yabuluu. Ukafika ukaivale, ukakweze manja onse awiri, kenako undiimbire foni. Ikakhala kuti ikuthinabe, undiuze kuti ikuthina.

Mulungu akutsogolereni nonse awiri pa ulendo wanu.

Ndine mayi ako,
Esitere